Kolete ya Afonso

Lichinga, Sanjala
17 Fevereiro 1991

Achimwene Eugénio,

Ndikhulupirira muli bwino ku Limbeko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno sitili bwino. Khalani pansi musanapitirize.

Afonso watisiya. Anawomberedwa pachifuwa sabata yatha pa mlatho wa njira ya ku Mandimba, akuperekeza koluna, mdipiti wa magalimoto a chimanga. Tinamuika ku Chimbonila pafupi ndi bambo. Amayi sakulankhula. Amangokhala pakhonde kusankha nyemba zimene anasankha kale.

Inu munachoka zinthu izi zisanafike kuno, ndiye ndikufotokozereni. Chaka chatha amuna anga a Atumani, bambo a Clotilde, anapita kumwera n'kubwerako ndi nyanga ya mankhwala. Amatema anyamata mphini pachifuwa n'kupakamo phulusa, ndipo amati munthu akatero wakhwima, chipolopolo chikamufika chimasanduka madzi. Okhwimawo amamanga nsalu yofiira pamkono ndipo amayenda patsogolo pa koluna ndi mikondo. Sabisala kuseri kwa mtengo, sabwerera m'mbuyo, ndiponso chitsulo sichiyenera kukhudza chifuwa chawo. Afonso anakatemedwa osauza munthu.

Achimwene Nazário mukuwadziwa, munthu wobwerera kawiri kukaona ngati watseka chitseko cha kalasi. Atalephera kumuletsa, anakatola zimbale za khasu la thirakitala ku munda wakale wa boma, anazidula tizidutswa, anaboolaboola, ine n'kuzisokerera pa nsalu ya tenti. Inatuluka kolete, chovala cholemera chotchinga pachifuwa, chovala mkati mwa malaya. Afonso anaseka, anati tamusandutsa ngaka, koma anavala kuti amayi azipeza tulo.

Pamaliro bambo a Clotilde anaimirira n'kunena pamaso pa anthu kuti mankhwala sanalakwe, mnyamata wafa chifukwa wina anamuveka chitsulo. Dzina sanatchule, koma mitu yonse inatembenukira kwa achimwene Nazário. Thupi linabwera lokulungidwa kale, ndipo kolete akuti inatsala kumlatho konko.

Ine ndili pakati. Uku amuna anga, uku achimwene, ndipo amene ndikanamufunsa nzeru ndi amene tamuika. Ngati mungathe kubwera, bwerani. Ngati simungathe, titumizireni nsalu yakuda ya amayi, kuno m'masitolo mulibe. Kalatayi ndapatsira mayi Mwanamisi a ku Assumane, amene amadutsa malire ndi usipa.

Ndine mlongo wanu,
Custódia


Lichinga
3 Março 1991

Mphwanga Eugénio,

Moni kwa iwe, kwa mlamu ndi kwa ana. Za kunyumba Custódia wakulembera kale, ndipo sindibwereza. Kalata iyi ikudzera ku positi, ndipo sindidziwa kuti idutsa m'manja angati. Mphunzitsi mnzanga anaitanidwa kukafotokoza mawu amodzi okha amene analembera msuweni wake. Choncho ndingolemba za masewera athu. Uwerenge mofatsa.

Tebulo lija lidakali pakhonde, pamodzi ndi mapu a mapiri ndi mapanga amene unajambula kuseri kwa kalendala. Madado, timiyala ta manambala toponya pamasewera timene mphunzitsi wachilendo uja anatisiyira, ndimawasunga m'chitini cha tiyi. Timakumanabe Loweruka masana, aliyense ndi wankhondo wake wa papepala, ndipo timamutchulabe dzina la mwini wake monga kale. Chichokere iwe, mwini nkhani ndine, koma buku la malamulo unapita nalo chifukwa Chingelezi unkachidziwa ndiwe. Ndimagamula za m'mutu, ndipo ndikagamula ndimakhala sabata yonse ndikudzifunsa. Mawu aja tinkanena wankhondo akakwera msinkhu, akuti wakhwima, masiku ano akumveka paliponse m'tauni muno.

Nkhani ndi iyi. Afonso anakhwima. Amene anamukhwimitsa ndi alamu Atumani, ndi mankhwala awo. Ine poopa ndinamuwonjezera malaya achitsulo mkati, poganiza kuti zotchinga ziwiri ziposa chimodzi. Pamlatho Afonso anagwa, ndipo sanadzuke. Alamu akuti chitsulo changa ndicho chinasukulutsa mankhwala. Ena onse akuvomereza.

Ndaisinkhasinkha nkhaniyi mbali zonse. Ine ndinaphunzira ku koleji, ndimaphunzitsa masamu, ndipo ndikudziwa chimene ndiyenera kukhulupirira. Komabe ndikagona funso limabweranso. Iwe ndiwe unkagamula patebulo pathu popanda kukondera, ndipo tonse tinkakumvera. Ndiuze: kodi zovala zankhondo zimaphatikizidwa bwanji? Chiti chimawonjezera mphamvu ya chinzake, chiti chimaipha? Kodi munthu woveka mphwake chitsulo pamwamba pa mankhwala wamuteteza kapena wamupereka?

Usandinyengerere. Ndiyankhe monga momwe unkayankhira kale.

Mkulu wako,
Nazário


Limbe
2 Epulo 1991

Achimwene Nazário,

Kalata yanu yandipeza, ndipo ndaseka mpaka mayi a ana anafunsa ngati mwapeza mkazi wachiwiri. Tonse tili bwino, ntchito ya kosindikiza mabuku ikuyenda. Ya Custódia imene mukunenayo sinafike, mwina idakali m'njira. Dziko lili pa nkhondo, inu tulo mukulisowa chifukwa cha wankhondo wa papepala. Simunasinthe.

Buku ndalipukuta fumbi, ndipo likuti motere. Chikopa mkati mwa malaya a unyolo chimaloledwa, ndipo chimawonjezera chitetezo pang'ono. Unyolo mkati mwa malaya a mbale zachitsulo suwonjezera kanthu: pa chitetezo muwerengere chachikulu chokha, koma pa kulemera muwerengere zonse, wankhondoyo azichedwa pothamanga. Chishango ndi chisoti zimayenda ndi chilichonse. Wofuna kukweza chovala chake achisiye kwa wosula ulendo umodzi wathunthu, iye n'kuyenda wopanda. Apa musamawamvere chisoni, ndikudziwa mumafewa.

Mankhwala ndi nkhani ina. Buku likuti mphamvu ya wamatsenga ndi chitsulo sizigona nyumba imodzi. Chitsulo chikangokhudza thupi, mankhwala amazima ngati makala othiridwa madzi. Ndiye chigamulo changa nachi: Afonso sanaphedwe ndi adani a pamlatho, waphedwa ndi amene anamuveka chitsulo. Achimwene, tinkanena kuti nkhawa zanuzi zidzapha munthu, lero zapha. Muuzeni mnyamatayo asalire, atenge pepala lina ajambule wankhondo watsopano, ndipo inu mumupatse kavalo wopepesera.

Koma amene wandiseketsa koposa ndi alamu Atumani. Iwowo lero akulalikira zovula zitsulo? Munthu amene wankhondo wake ankavala chikopa, unyolo, mbale, chisoti ndi chishango, n'kumafunsabe ngati n'zololedwa kunyamula chitseko kumsana? Wamatsenga ankati akamudalitsa, iye ankathokoza kenako n'kukabisala kumbuyo kwa anzake. Mukukumbuka tsiku lija anaba chisoti cha Afonso gulu lili mtulo m'phanga? Ndikanadziwa nthawi imeneyo lamulo limene ndapeza kumapeto kwa buku. Likuti chovala chobedwa kwa mnzako wa gulu limodzi chimatembereredwa. Wakubayo akachivala sichivulika, amadya nacho, amagona nacho, ndipo aliyense wokumana naye amadziwa mwini wake. Lisungeni limeneli, alamu akadzavutanso.

Ndilembereni za amayi, ngati mwendo uja unasiya kutupa. Afonso mumuuze kuti nsapato zimene anapempha ndazipeza, ndikungodikira munthu wodalirika.

Mphwanu,
Eugénio


Lichinga
12 Maio 1991

Eugénio,

Kalata yako ndinailandira. Sindikukuimba mlandu. Ndafufuza, ndipo ndapeza kuti ya Custódia idakali m'mpango wa mayi Mwanamisi ku Assumane, chifukwa makoluna akhala akukana anthu wamba. Iyi ndikaiika pamodzi ndi iyo, choncho ndilemba poyera. Afonso amene ndinkanena si wa papepala. Afonso mphwathu ali m'manda ku Chimbonila. Nsapato zija upatse wina.

Nditawerenga chigamulo chako ndinapita kukalasi, ndinaima pabolodi choko chili m'manja, ndipo ana anadikira mpaka belu linalira. Ndinali nditavomereza kuti ndinamupha. Koma ine kalata sindiwerenga kamodzi. Pobwereza ndinaima pa ndime ya alamu. Unanena zoona: munthu uja sanakhulupirirepo mankhwala okha, ngakhale pamene chovulala chinali pepala. Nanga lero, pamene chifuwa ndi chake?

Ndinapita kwa Custódia ngati wokacheza. Pachingwe panali malaya amkati a mwamuna wake. Anali ndi madontho a dzimbiri, atatuatatu ngati mafuwa, m'mizere yotsatana kuyambira pakhosi mpaka pamimba. Custódia akuganiza kuti ndi waya woyanikira. Eugénio, mabowo amenewo ndinaboola ndine. Chidutswa chilichonse ndinachiboola patatu, chifukwa ndinkaopa kuti mabowo awiri angadule ulusi. Kunyumba kunatsala chidutswa chimodzi. Tsiku lina ndinapita nacho m'thumba, ndinachiika pa malaya aja, ndipo mabowo anakhala pa madontho ndendende.

Ndinakaonanso mkulu amene anasambitsa thupi. Akuti bala linali limodzi, pakati pa chifuwa, pamene zitsulo ndinazisanjika ziwiriziwiri.

Ndiye Afonso sanafe atavala kolete. Alamu anamuvula panjira, mosakayika pomuuza kuti isukulutsa mankhwala, n'kuivala iwo. Anamuyendetsa patsogolo ndi phulusa lokha. Kenako anaimirira pa manda ake n'kuloza ine, amayi akumva.

Sindikawasumira, chifukwa amene ndingakasumireko ndi omwe amawaombera m'manja koluna ikafika. Mkondo sindidziwa kugwira. Custódia sindinamuuze, angawachenjeze mosadziwa. Koma ndili ndi kalata yako, ndipo alamu adzaikonda kwambiri, chifukwa ikuvomereza zonse zimene amalalikira. Ndaona kuti tsiku lonyamuka amavaliratu masana, n'kuphimba ndi chijasi, popeza anthu awo amakagona pafupi ndi magalimoto. Chisanu chayamba, palibe amene amadabwa ndi chijasi.

Ndikufuna ayende patsogolo pa koluna monga anayendera Afonso. Ngati anakhwimadi abwera, ndipo ndidzawapepesa pamaso pa anthu. Ndadzifunsa kangapo ngati kumeneku si kupha. Yankho limasinthasintha, koma chimene ndikufuna sichisintha.

Nazário


Lichinga, Sanjala
15 Junho 1991

Achimwene Eugénio,

Moni ndilibe. Ndikulemba mothamanga chifukwa mayi Mwanamisi apeza malo pa koluna ya mawa, ndipo ndiyenera kuwapeza dzuwa lisanalowe.

Lero masana achimwene Nazário anaitana bambo a Clotilde kuti adutse pakhonde aponye dado kamodzi, atsanzike popeza ndiwo akuperekeza kolunayo. Anawauza kuti abwere ndi akuluakulu a gulu lawo, adzamve zimene buku la azungu likunena za mankhwala. Anabwera anthu angapo, nsalu zofiira zili kale pamkono. Ine ndinali pomwepo, ndinabweretsa mbatata yophika.

Achimwene anatulutsa kalata yanu n'kuiwerenga mokweza, mawu osanjenjemera, mpaka pamene munalemba kuti Afonso waphedwa ndi amene anamuveka chitsulo. Ndinamva ngati mwandithira madzi ozizira. Sindidziwa kuti munailemba bwanji. Bambo a Clotilde anasangalala, anauza anthu awo kuti amva okha, ngakhale azungu akuvomereza. Anagwira achimwene paphewa n'kuwauza kuti kuvomera kulakwa ndi uchikulire. Achimwene anafunsa ngati lamulolo limagwira aliyense, ngakhale mwini nyanga. Iwo anati makamaka mwini nyanga.

Ndiye achimwene anatenga dado lalikulu lija, anati nthawi yoponya ndi yanu alamu, n'kuwaponyera pachifuwa. Linalira ngwee, ngati lagunda mpoto.

Palibe anaseka. Mkulu wina wa gulu lawo anawauza kuti atsegule chijasi. Anatsegula, ndipo mkati munali kolete. Bambo a Clotilde mawu sawasowa pakamwa. Anati:

"Alamu, ndimati ndikubwezereni katundu wanu. Ndinaitola kumlatho, ndiye ndinaona kuti kuinyamula m'manja anthu angadabwe."

Achimwene anayankha mofatsa ngati akulandira homuweki:

"Mwachita bwino, alamu. Isiyeni patebulopo msanga, mankhwala anu angazime."

Kenako anauza anthuwo kuti njira yaipa masiku ano, ndipo n'koyenera kuti mawa patsogolo penipeni payende munthu amene mankhwala ake ndi aakulu kuposa onse. Anthu aja anayang'anana n'kuvomera. Ananyamuka nawo ali pakati pawo, wina uku wina uku. Amuna angawo sanandiyang'ane.

Atachoka ndinaitenga kolete ija. Ulusi ndi wanga, ndinausoka ndekha. Ndinaitembenuza kufuna bowo la chipolopolo, kapena magazi. Palibe. Muli fungo la thukuta lokha, ndipo fungo limenelo ndikulidziwa, ndagona nalo pafupi zaka zonsezi. Sipanafunike kuti achimwene andifotokozere.

Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze. Anati ankaopa kuti ndiwaletsa. Anatola dado pansi, analipukuta, n'kulibwezera m'chitini.

Tsopano ndiuzeni, achimwene. Mawa akaphedwa, ana anga adzafunsa amene anapha bambo awo, ndipo ndidzati amalume awo awiri, wina ndi dado, wina ndi cholembera. Akabwera amoyo, ndidzawaikira bwanji madzi osamba anthu amene anavula mlongo wanga n'kumukankhira kutsogolo? Ndapemphera kuti abwere, kenako ndapemphera kuti asabwere, ndipo sindidziwa kuti Mulungu wamva liti.

Custódia


Limbe
21 Julayi 1991

Achimwene Nazário, ndi iwe Custódia,

Makalata anu atatu afika pamodzi Lachinayi. Mayi Mwanamisi anachedwa ku Mangochi pogulitsa usipa. Ndinawawerengera pakhomo la kuntchito. Za kalata yanga ija ndilibe mawu. Achimwene, munandifunsa ngati munapha mphwathu, ine n'kukuyankhani za kavalo.

Koma mverani izi. Atumani ali kuno, m'nyumba mwanga.

Anafika kumapeto kwa Juni, mapazi atatupa, akuti mwamutuma kudzafuna mankhwala a mwendo wa amayi. Ine ndinali ndisanadziwe kanthu. Ndinamuphera nkhuku. Ndinamupatsa jekete yanga ndi nsapato zimene ndinagulira Afonso, popeza zake zinali zitatha. Nditamufunsa za mnyamatayo anati, "Ameneyo wakhwima," n'kupempha mchere. Ndinaseka. Ndinamutulutsira buku n'kumuonetsa tsamba la zovala zankhondo, ndipo anawerenga nane.

Mayi Mwanamisi andiuza mmene zinayendera. Anamuika patsogolo monga munakonzera. Anayenda bwino mpaka mlatho utayamba kuoneka, kenako anati m'mimba mwamupotokola, akadzithandize kutchire. Anamudikira, anamuitana, anangopeza nyanga ndi nsalu yofiira zili pa chitsamba. Anthu ake ataona zimenezo anamasula nsalu zawo n'kukwera m'magalimoto, kugona pakati pa matumba ngati anthu ena onse. Koluna inadutsa popanda kulira mfuti.

Nditamuonetsa makalata sanakane nthawi yaitali. Akuti Afonso anavula yekha atamuuza za lamulo, ndipo iye anangoona kuti chinthu chabwino chisatayike. Anagwada, anandigwira mwendo, anatchula maina a ana. Ndinamuvula nsapato zija pomwepo. Tsopano akugona m'chipinda cha makala, ndipo mayi a ana safuna kumuona patebulo.

Alibe mapepala. Ndikangolankhula mawu amodzi kupolisi, amukweza galimoto mpaka kumalire, ndipo mayi Mwanamisi akuti tsidya linalo kuli abambo a anyamata ena amene anatemedwa mphini n'kufa. Akumufunafuna. Safika ku Lichinga, mukudziwa inunso. Ndafikapo pakhomo la polisi n'kubwerera. Mtima wanga ukufuna, koma ndinagamula kamodzi osadziwa chimene ndikugamula, ndipo sindichitanso. Custódia, ndi bambo wa ana ako. Achimwene, amene analozedwa pamanda ndinu. Gamulani inu, ine ndichita. Ndimusunga mpaka mayi Mwanamisi abwerenso.

Nsalu yakuda ya amayi ndatumiza.

Eugénio


Lichinga
8 Setembro 1991

Mphwanga Eugénio,

Moni kwa nonse. Nsalu inafika, amayi avala. Ayambanso kulankhula pang'ono. Custódia wabwerera kunyumba kwa amayi ndi ana, ndipo Clotilde akulowa m'kalasi mwanga chaka chamawa.

Kalata yako itafika ndinalemba yankho tsiku lomwelo, la mzere umodzi, lakuti pita kupolisi. Custódia analiwerenga n'kuling'amba. Ndinaganiza kuti akumumvera chisoni, ndipo tinakangana mpaka amayi anatiletsa. Koma sichinali chisoni. Anati:

"Akafa, ine ndidzavala zakuda chifukwa cha iye, ndipo ana adzakula akumva kuti bambo awo anafera nkhondo. Zakuda ndavalira Afonso. Iyeyo sindimuvalira."

Ndinakhala nawo mawu amenewo sabata yathunthu. Kenako ndinatenganso kalata yako ija, imene unati ulibe nayo mawu. Usaichitire manyazi kwambiri, yatigwirira ntchito kawiri. Lamulo la kumapeto kwa buku unati ndilisunge, ndipo ndinalisunga.

Mtolo umene mayi Mwanamisi akupatse ndi kolete. Uwathandize kutsitsa, ndi yolemera kuposa kale. Chigamulo chathu, ine ndi Custódia, ndi ichi. Atumani aivale, koma pamwamba pa malaya, osati mkati. Adye nayo, agone nayo. Umupezere ntchito yotsitsa matumba kumsika, apite nayo. Avule posamba pokha. Tsiku limene udzamuone alibe, usatifunsenso, upite kupolisi. Umuwerengere ndime imeneyi iye akumva, kuti asadzati sanadziwe. Ndikumva kuti mwezi wamawa kwanuko dzuwa limaswa mtengo.

Pa chidutswa chilichonse ndakhoma dzina la Afonso ndi msomali. Ndinayamba ndi chimodzi chokha, koma ndinaopa kuti angachitembenuze. Anthu akamufunsa kuti Afonso ndani, usamuyankhire, ayankhe yekha. Zingwe Custódia wazisokera kumbuyo, kuti pomanga ndi pomasula azipempha munthu. Usaipake mafuta, dzimbiri lizigwira ntchito yake.

Sindikudziwa ngati n'zokwanira. Masiku ena ndimaona kuti zachepa, ndipo ndimalakalaka kalata imene Custódia anang'amba. Koma Loweruka lapitali ndinatsegula chitini cha madado koyamba chichokere tsiku lija, ndipo ndinaponya dado limodzi patebulo.

Udabwa kuti yalemera chifukwa chiyani. Ndaikweza, monga buku limanenera, itakhala kwa wosula ulendo umodzi wathunthu mwini wake akuyenda wopanda. Poyamba inali ndi zitsulo kutsogolo kokha, chifukwa ndinkapangira munthu woyang'anana ndi adani. Tsopano ndawonjezera zina kumsana, popeza tadziwa mbali imene alamu amaonetsa zipolopolo.

Mkulu wako,
Nazário